Maleni anayi, mibadwo itatu: tiwonjezere kapena tidikire?

Funso

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Lilongwe. Agogo anga aamuna anayamba ndi golosale ndi holo ya zikwati m'zaka za m'ma 1980. Bambo anga ndi amene anaikamo matebulo a pool, kenako anagula ku Johannesburg maleni anayi a bowling ogwiritsidwapo kale ntchito. Bowling ndi masewera ogubuduza mpira wolemera pa kanjira kosalala kotchedwa leni kuti ukagwetse mapini 10 oima kumapeto kwake. Panopa ine ndimasunga mabuku, mchimwene wanga amayang'anira kauntala ndi zotsatsa malonda, ndipo bambo ndiwo amakonza makina oimika mapini. Timatsekula 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku tsiku lililonse. Lachisanu madzulo, Loweruka ndi Lamulungu masana anthu amachita kudikirira, ena mpaka kubwerera. Mchimwene wangayo akufuna titenge ngongole kubanki tiwonjezere maleni ena anayi ndi bala yogulitsa mowa. Agogo, amene ali ndi zaka 78, akukana, ndipo malo, akaunti ndi chiphaso zonse zili m'dzina lawo. Azakhali awiri ndi ana awo sagwira nawo ntchito, koma pakagwa vuto amabwera kudzatenga ndalama pakauntala. Kodi tiwonjezere? Nanga tingatani kuti bizinesiyi isathere pa ife?

Yankho

Achemwali, yankho langa ndi lakuti chaka chino musawonjezere. Sikuti maganizo a achimwene anuwo ndi oipa ayi, tsiku lake likhoza kudzafika. Koma mukapita kubanki lero, chikole chidzakhala malo a agogo, wosayina adzakhala agogo, obweza mudzakhala inu atatu ogwira ntchito, pamene otenga ndalama pakauntala ndi banja lonse. Ngongole yotere imaphwasula mabanja. Ndiyambe ndi masamu, popeza ndinu wosunga mabuku, kenako tifike pa nkhani ya agogo, imene kwa ine ndiyo yaikulu.

Chimene mumagulitsa pamalopo ndi nthawi ya leni. Leni ikakhala ola limodzi popanda woponya mpira, ola limenelo lapita, simungalisunge kuti mudzaligulitse Loweruka. Maleni anayi, maola 12 patsiku, masiku 7, ndiye kuti pamlungu muli ndi maola 336 ogulitsa. Tsopano tiwerenge maola amene mwati anthu amadikirira. Tinene kuti Lachisanu kuyambira 5 koloko mpaka 10, Loweruka kuyambira 12 koloko mpaka 10, Lamulungu kuyambira 2 koloko mpaka 8. Amenewo ndi maola 21, ndipo pa maleni anayi akukwana 84. Limeneli ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. M'maola 252 otsalawo magetsi akuyaka, antchito akulipidwa, koma mwina leni imodzi yokha ndiyo ikumveka. Mukawonjezera maleni anayi mwagula maola ena 336 pamlungu, ndipo odzaza mwa iwo, zinthu zitayenda bwino kwambiri, adzakhala 84 omwewo.

Musanatsutsanenso ndi achimwene, ikani kope pakauntala. Gulu lililonse limene labwerera chifukwa chosowa leni lizilembedwa: tsiku, nthawi, anali angati. Mutu umakumbukira Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu a boma atalandira, n'kuiwala Loweruka la pakati pa Febuluwale pamene fizi yadya ndalama zonse ndipo chimanga chakwera mtengo. Kopelo lidutse chaka chathunthu, lione dzinja, lione nyengo ya msika wa fodya ku Kanengo, lione tchuthi cha ana asukulu ndi Khirisimasi.

Palinso ndalama imene mukuitaya m'maola odzaza omwewo. Munthu mmodzi amamaliza gemu ya mafulemu 10 (fulemu ndi mpata umodzi woponya) pa mphindi pafupifupi 10, choncho anthu 6 pa leni imodzi amatenga ola. Koma mukamalipiritsa pa gemu, gulu silifulumira. Wina akujambula anzake, wina wapita kukagula tchipisi, mpira wangokhala, ndipo gemu ya ola limodzi imatenga ola ndi theka anthu ena ataima pakhomo. Loweruka ndi Lamulungu muzilipiritsa pa ola, nthawi yotsala izioneka pa sikirini, ndipo ofuna leni azisungitsa malo polipiriratu theka pa Airtel Money kapena Mpamba. Mkati mwa mlungu, pamene mukufuna kuti anthu akhalitse, muzibwerera ku mtengo wa pa gemu. Kusintha kumeneku kokha kukhoza kulowetsa magulu angapo owonjezera Loweruka lililonse musanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe.

Tsopano ngongoleyo. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaikapo zawo pamwamba akamabwereketsa wamalonda wamng'ono. Tiyerekeze kuti akupatsani pa 30 peresenti. Pa K100 miliyoni iliyonse, chiwongoladzanja chokha m'chaka choyamba chiyandikira K30 miliyoni, kapena kuti K2.5 miliyoni pamwezi, musanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Kafunseni kubanki kwanu mlingo wa lero, muwerengere ndalama yobweza pamwezi, muigawe ndi mtengo wa ola limodzi la leni. Nambala imene ituluke ndiyo maola amene maleni atsopanowo ayenera kugulitsa mwezi uliwonse kuti angolipira banki, ndipo muwaonetse achimwene.

Kumbukiraninso kuti zonse za bowling zimagulidwa ndi ndalama zakunja: matabwa a leni, makina, mapini, mipira, nsapato, ngakhale mafuta opaka pa leni. Simunaiwale Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, patangotha chaka ndi theka chigwereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Aliyense amene anali atalipira theka la katundu wake kunja nthawi imeneyo anadzuka m'mawa theka lotsalalo litafufuma. Kontena imatenga nthawi yaitali panjira kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, msonkho wa MRA ukudikira pachipata, ndipo banki imayamba kuwerenga chiwongoladzanja tsiku limene yatulutsa ndalama, mpira woyamba usanagubuduzike. Nyumba yakenso si yaing'ono. Kuchoka pa mzere woponyera kufika pa pini yoyamba pali mamita 18.3, pothamangira woponya pamatenga mamita 4.6, kumbuyo kuli makina ndi kanjira ka makaniko, kutsogolo kuli mipando. Zonse pamodzi zimafuna mamita oyandikira 30 m'litali, ndipo maleni awiri aliwonse amatenga mamita 3.5 m'lifupi popanda nsanamira pakati pawo. Maleni anayi ndi holo ina yathunthu, ya mapulani oyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda.

Tibwere kwa agogo. Mwanena kuti malo, akaunti ndi chiphaso zili m'dzina lawo, ndiye ndikuuzeni mosapsatira tanthauzo lake. Pamaso pa lamulo, bizinesi imeneyi ndi agogowo. Tsiku limene Mulungu adzawaitane, banki ikangomva idzatseka akaunti mpaka khoti litapereka chilolezo choyendetsera chuma cha masiye, ndipo zimenezi zimatenga miyezi ngakhale pamene palibe mkangano. M'miyezi imeneyo antchito adzafuna malipiro, magetsi adzafunika kugula, masipeya adzafunika. Ngati sanasiye wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates Act, limapereka chumacho kwa mkazi wawo, ana awo ndi anthu amene ankadalira iwo. Ana onse, aamuna ndi aakazi, ngakhale wobadwira kunja kwa banja ngati alipo. Bambo anu, amene atha zaka zonsezi kumbuyo kwa makina, adzaima pamzere umodzi ndi azakhali anu awiri. Inu ndi achimwene anu, pokhala adzukulu akuluakulu amene bambo awo ali moyo, mulibe gawo lanulanu ngakhale ndinu amene mumatsekula ndi kutseka.

Lamuloli ndi labwino, linabwera kudzathetsa khalidwe lolanda chuma cha masiye limene linaliritsa amayi ndi ana ambiri m'dziko muno. Koma ntchito yake ndi kugawa, ndipo leni ya bowling sigawika. Azakhali akadzafuna gawo lawo m'ndalama, inu mulibe zowapatsa, njira yotsala idzakhala kugulitsa malo.

Azakhali anuwo sindikuwaweruza. Kwa iwo holo ija ndi ya bambo awo, anakulira m'menemo, mwina ali ana ankasesamo ndi kusanja mipando zikwati zikatha. Akabwera pakauntala pa nthawi ya maliro kapena ya fizi, mumtima mwawo akutenga kwawo. Vuto ndi lakuti palibe amene anawauzapo kuti gawo lawo ndi liti, choncho gawo lawo limangokhala chilichonse chimene apeza m'kabati tsiku limenelo.

Mankhwala ake ndi kulekanitsa ndalama zimene panopa zikutulukira pabowo limodzi. Wogwira ntchito azilandira malipiro a ntchito yake, ofanana ndi amene mukanalipira munthu wakunja, olembedwa, odulidwa msonkho ndi penshoni monga lamulo linenera: olemba ntchito 10 peresenti, wantchito 5. Izi zikukhudza inu, achimwene ndi bambo omwe. Mwini malo azilandira lendi. Eni bizinesi azilandira gawo la phindu kamodzi kapena kawiri pachaka mabuku akatsekedwa, molingana ndi masheya awo, kaya amagwira nawo ntchito kaya amakhala ku Mzuzu. Ndipo popeza maliro, matenda ndi fizi sitingazithawe, ndiponso bizinesi ya banja yosathandiza pamavuto ilibe ulemu kwathu kuno, pakhale thumba la mavuto. Ndalama yodziwika izilowamo mwezi uliwonse, anthu awiri azisayinira, mmodzi wa iwo akhale mmodzi mwa azakhaliwo. Likatha latha, mpaka mwezi wamawa. Kabati ya pakauntala isakhudzidwenso ndi wina aliyense, ngakhale agogo amene.

Kuti zimenezi zikhazikike, lembetsani kampani motsatira Companies Act ya 2013. Kampani simwalira mwini sheya akamwalira, ndipo akaunti yake imayendabe ndi osayinira otsala. Makina, maleni, dzina ndi ziphaso zilowe m'kampani. Malo akhoza kukhalabe a agogo, kampani n'kumawalipira lendi pa pangano lolembedwa la zaka zambiri. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imapatsa agogo ndalama yawoyawo mwezi ndi mwezi osapempha munthu, ndiponso malo sakhala pangozi bizinesi ikadzapunthwa. Masheya agawe okha agogo akadali ndi mphamvu, ndipo ndi bwino atamva kwa munthu wapadera kuti thukuta limene bambo anu anakhetsa, ndi ndalama zimene anagulira maleni, ziyenera kuonekera m'kagawidweko. Pangano la eni masheya linene kuti wofuna kugulitsa ayambe wafunsa abale, linene mmene mtengo wa sheya uziwerengedwera, linenenso chochita ukwati wa mwini sheya ukatha kuti alamu ndi apongozi asadzapezeke ali pa msonkhano wa eni. Wilo ya agogo inene za malo ndi masheya amene adzisungira. Ilembedwe, asayine pamaso pa mboni ziwiri zosalandirako kanthu, ndipo isasiye agogo aakazi kapena mwana aliyense chimanjamanja, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yokonza wilo yotero. Apa lipirani loya, musaumire. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlandu wa abale.

Nanga mawu amenewa afika bwanji kwa agogo? Asachokere kwa inu. Mdzukulu akafunsa za wilo, mkulu amamva ngati akumuwerengera masiku, ndipo akuluakulu ambiri amaona kulemba wilo ngati kudziitanira imfa. Yambani ndi agogo aakazi ngati adakali moyo, kapena mbale wawo amene amamumvera, kapena mkulu wa mpingo amene anakula naye. Nkhaniyo isayambire pa imfa, iyambire pa chimene iwo akuopa. Munthu amene anayamba ndi golosale m'zaka za m'ma 1980 anaona anzake akulandidwa malo chifukwa cha ngongole, anaona masitolo a anzake akutsekedwa chaka chisanathe chimwalirireni mwini wake. Akamakana ngongole akuteteza malo, ndipo pamenepo ine ndili mbali yawo. Auzeni kuti za ngongole mwazisiya, ndi kuti chimene mukupempha ndi njira yoti malowo asadzagulitsidwe. Akhale wapampando wa kampani, msonkhano wa eni uzichitikira kunyumba kwawo pa miyezi itatu iliyonse, inu muziwawerengera mabuku m'Chichewa chomveka: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti. Mkulu amene akuona manambala ndi maso ake amalola msanga kusiyana ndi amene amangomva mphekesera yoti ana akufuna kusintha zinthu.

Asuweni anu nawonso adzafuna ntchito, ndipo ena adzakhala aluso ndithu. Lamulo likhale limodzi kwa onse, ndi ana anu omwe akadzakula: ntchitoyo ikhalepo kaye, munthu akhale atagwirako kwina, alembedwe ndi kalata, ndipo akalakwa akhoza kuchotsedwa. Wachibale wofuna kusewera asewere, koma gemu yake ilowe m'kompyuta ngati ya mlendo wa kampani, ndipo isakhale Loweruka madzulo. Makina ambiri oimika mapini amakhala ndi mita yowerenga mafulemu. Usiku uliwonse nambala ya pa mita, ya m'kompyuta, ndalama za m'kabati ndi za pafoni zizigwirizana. Pakakhala kusiyana mudzadziwa tsiku lomwelo, osati kumapeto kwa chaka pamene aliyense akuloza mnzake chala.

Pali ngozi ina imene simunaitchule ngati vuto, koma ine yandidetsa nkhawa kuposa bala ya achimwene. Mwati bambo ndiwo amakonza makina. Ngati maleni anu anachokera ku Johannesburg atagwirapo kale ntchito, n'kutheka kuti kumbuyoko kuli makina oimika mapini a AMF 82-70 kapena Brunswick A-2, mitundu imene inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1960. Ndi makina olimba, ambiri akugwirabe ntchito padziko, koma ali ndi tizigawo tambirimbiri toyenda: malamba, mabering'i, masipuling'i, tizitsulo tonyamula pini iliyonse ya makilogalamu 1.5 n'kuitsitsira pamalo pake. Munthu wowazolowera amaima kumbuyo pakati pa phokoso la mapini, n'kutchera khutu, n'kulunjika pa leni yachitatu ndi sipanala yoyenera m'manja mpira usanakakamire, chifukwa wamva kuti lamba wayamba kuterereka. Luso limenelo lili m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo mu Lilongwe simungaimbire makaniko wa bowling ngati mmene mumaitanira wokonza filiji. Bambo atagonekedwa m'chipatala milungu itatu, maleni adzayamba kuzima imodziimodzi.

Pezani achinyamata awiri amene anaphunzira zamagetsi kapena zokonza makina, kaya ku Lilongwe Technical College kaya ku Don Bosco ku Area 23, mmodzi wachibale ngati alipo wofuna, wina wakunja. Aziyenda pambuyo pa bambo tsiku ndi tsiku. Leni iliyonse ikhale ndi kope lake: inaima liti, chinavuta n'chiyani, anasintha chiyani. Inu tengani foni muziwajambula bambo akamakonza, akufotokoza okha m'Chichewa. Ndipo chonde, chinthu choyamba kuphunzitsa ndi chakuti palibe wolowetsa dzanja m'makina magetsi asanazimitsidwe ndi pulagi kuzulidwa. Makina amenewa amathyola mkono, ndipo m'maiko ena anaphapo anthu.

Adani a leni kuno ndi fumbi, chinyezi, chiswe ndi magetsi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la Lilongwe limalowa paliponse, n'kusakanikirana ndi mafuta a pa leni, mpira n'kulinyamula kupita nalo m'malamba a makina. Mafuta amapakidwa pa mamita pafupifupi 12 oyambirira, ndipo leni imafuna kupukuta ndi kupakanso tsiku ndi tsiku. Pothamangira woponya pasagwe ngakhale dontho la Fanta, chifukwa nsapato ya bowling imayenera kutsetsereka, ndipo ikakakamira munthu amagwa chafufumimba atanyamula mpira umene ukhoza kulemera makilogalamu 7. Pansi pa leni pali maziko a matabwa amene saoneka. Chiswe kapena madzi zikalowamo mudzadziwira pa mipira yokhotera mbali imodzi, popeza malamulo a masewerawa salola leni kupendekeka kuposa pafupifupi milimita imodzi m'lifupi mwake. Thirani mankhwala a chiswe nthawi yake, ndipo wina azikwera padenga mu Okutobala mvula isanayambe.

Za magetsi simufunika kuuzidwa. Munadutsa mu 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chimene chimapha mamota ndi makompyuta a zigoli kawirikawiri ndi mphindi imene magetsi akubwerera, kapena akabwera ofooka. Kachipangizo kodula magetsi akakwera kapena kutsika mopyola muyeso, UPS (batire yosunga makompyuta ali oyaka magetsi akathima), ndi jenereta yotha kunyamula maleni onse anayi nthawi imodzi, zimenezi zigulidwe musanaganize za leni yachisanu.

Ndalama zikayamba kusonkhana, ganizirani za makina a zingwe. Pini iliyonse imamangidwa chingwe kumutu, ikagwa makina amangoikoka n'kuiimikanso. Tizigawo take n'tochepa, amadya magetsi ochepa, ndipo vuto lake lodziwika, lakuti zingwe zimapiringizana, wantchito wamba amatha kulithetsa. Osewera ena aluso amadandaula kuti mapini a zingwe sagwa chimodzimodzi ndi omasuka, koma International Bowling Federation inawavomereza mu 2020, ndipo bungwe la ku America la USBC linayamba kuwalola m'mipikisano mu 2023. Makasitomala anu ambiri ndi mabanja ndi magulu a abwenzi, ndipo chimene iwo amafuna n'chakuti leni isaime pakati pa gemu. QubicaAMF ndi Brunswick onse amapanga makina otere, ndipo alipo a ku China otsikirako mtengo. Mukhoza kusintha maleni awiri kaye, makina akale ochotsedwawo n'kumatengako masipeya a awiri otsalawo. Bambo mwina adzakana poyamba chifukwa akalewo anawazolowera, ndiye ntchito yofufuza ndi kusankha atsopanowo mupatse iwowo.

Tibwerere ku maola 252 aja, chifukwa kukula kwanu kuli pamenepo. Ku America, kumene masewerawa anafalikira kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 atabwera makina oimika mapini okha, malo a bowling a mabanja ankadalira maligi, magulu a antchito a m'mafakitale ndi m'maofesi obwera tsiku lomwelo mlungu uliwonse. Maligi atachepa malo ambiri anatsekedwa, ena anagulidwa ndi kampani yaikulu ya Bowlero, ndipo otsala anapulumukira pa maphwando, chakudya ndi ana. Inu mukhoza kutenga zonse ziwiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda uno, ndipo kuno ndi kumene kuli Capital Hill, akazembe, mabungwe ndi mabanki. Achimwene anu, amene mphamvu ndi luso lotsatsa malonda ali nazo, ayende m'maofesi amenewa. Timu ya anthu anayi, Lachiwiri kapena Lachitatu poweruka, milungu 8, kulipiriratu, mndandanda wa zigoli kutumizidwa pa gulu la WhatsApp m'mawa mwake, chikho kumapeto. Maleni anayi amanyamula matimu anayi nthawi imodzi, ndiye zigawo ziwiri usiku umodzi ndi matimu 8. A ku ofesi ina akagonja kwa anzawo, Lolemba adzabwera okha kudzakonzekera, ndipo adzalipira.

Masana a mkati mwa mlungu ndi a sukulu. Konzani mtengo wa kalasi yonse, mipira yopepuka yosakwana makilogalamu 3, zotchinga m'ngalande za m'mbali mwa leni kuti mpira wa mwana usamagweremo, ndi nsapato zing'onozing'ono zokwanira. Mphunzitsi wa masamu adzakondwa kuona ana akuwerenga okha zigoli papepala, popeza strike (kugwetsa mapini onse ndi mpira woyamba) imawonjezera mapini a mipira iwiri yotsatira, spare (kuwamaliza ndi mpira wachiwiri) a mpira umodzi, ndipo gemu yopanda cholakwa imathera pa 300. Mwana amene wabwera ndi sukulu Lachinayi ndi amene adzavutitse makolo kuti phwando la tsiku lake lobadwa lidzachitikire kwanu. Phwandolo ndilo malonda okoma kuposa onse, chifukwa mumagulitsa leni, chakudya, zakumwa ndi chipinda pa mtengo umodzi wolipiriratu, ndipo holo ya agogo ija muli nayo kale. Achinyamata a m'mipingo, a kwaya, amayi a banki mkhonde akagawana ndalama kumapeto kwa chaka, onsewa akhoza kubwera m'maola amene panopa leni zili zii.

Za bala, ndikuwamva achimwene, zakumwa zili ndi phindu. Koma wofuna mowa ndi nyimbo zaphokoso ali ndi Bwandilo ndi malo ena osawerengeka, pamene malo oti bambo, mayi ndi ana apite limodzi Loweruka masana ndi ochepa mumzinda uno. Mayi akangoona woledzera akudzandira pafupi ndi mwana wake sabweranso, ndipo amauza anzake. Ngati banja lagwirizana zogulitsa mowa, ukhale wa patebulo, kwa osewera, usiku ana atapita, ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo wosakwana zaka 18 asagulitsidwe. Ine ndikanayamba ndi khitchini yaukhondo yofulumira. Pa nyimbo zimene mumaika, musaiwale chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo.

Tsiku lowonjezera mudzalidziwa pamene kampani yalembetsedwa ndipo masheya agawidwa, makaniko wachiwiri akutha kugwira Loweruka lathunthu bambo kulibe, ligi yadzaza masiku awiri a mkati mwa mlungu, kope la pakauntala likuonetsabe magulu obwerera chaka chonse ngakhale mutasintha kalipiritsidwe, ndipo theka la mtengo muli nalo m'manja. Pamenepo onjezerani awiri okha, popeza maleni amayenda awiriawiri pa njira imodzi yobwezera mpira, ndipo chikole chikhale katundu wa kampani, malo a agogo asalowemo. Wogulitsa mumufunse ngati makinawo ndi a magetsi onga athu a 230 volts ndi 50 Hz, chifukwa ochokera ku America amakhala a 60 Hz. Mumufunsenso kuti ndani adzabwere kudzawaika ndi kuphunzitsa anthu anu, ndipo masipeya a chaka choyamba alowe m'kontena yomweyo, atalembedwa pa invoisi.